MOWA, CHAMBA NDI KUYAMBA MSANGA ZOGONANA: MAVUTO OYENDERA LIMODZI

Lidali tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera pachipatala china chaching'ono cha kumudzi. Pabenchi, pakati pa ntchembere zozolowera kale mzere umenewu, padakhala mtsikana wa zaka 15 atadzifunditsa chitenje mpaka kumutu. Adabwera ndi agogo ake aakazi, amene adamulera chimwalirire mayi wake. Atalowa m'chipinda, namwino adamuyeza, adalemba m'buku lake la kuchipatala, kenaka adatembenukira kwa agogowo.

"Agogo, kodi mdzukulu wanuyu adayamba walawapo mowa?"

"Mowa? Iyayi anamwino, ife tabwerera pathupipa. Za mowazo wakuuzani ndani?"

"Palibe wandiuza, agogo. Funso limeneli ndimafunsa mwana aliyense wa msinkhu uwu amene wabwera ndi pakati."

Mtsikana uja adangozyolika. Patapita kanthawi adaulula motsitsa mawu kuti pamene ankagulitsa zitumbuwa madzulo pamsika, pafupi ndi malo omwera mowa, bambo wina wogula mbewu ankamugula zitumbuwa zonse n'kumupatsanso kabotolo ka mowa waukali. Poyamba ankakana. Tsiku lina adalawa. Za usiku umene bamboyo adagona naye koyamba, iye sakumbukira bwino. Nyengo yogula mbewu itatha, bamboyo adakweza sikelo yake pagalimoto napita, ndipo sadaonekenso.

Namwino uja sadaombeze ula ayi. Adafunsa chifukwa cha zimene ogwira ntchito zachipatala amaona kawirikawiri: mwana amene wayamba msanga zogonana amapezeka kuti walawanso mowa, fodya kapena chamba, ndipo mwana amene wayamba kumwa ndi kusuta sachedwa kuyamba zogonana. Ife makolo timakonda kuziona zinthuzi padera padera. Mnyamata tikamugwira ndi chamba timamukalipira za chamba chokhacho. Mtsikana akabwera usiku timamufunsa za amuna basi. Tsono m'nkhani ino tikufuna tione momwe mavutowa amakokerana, ndi zimene kholo lingachite likangoona limodzi la iwo.

ZIMENE OFUFUZA ADAPEZA

M'chaka cha 1977 akatswiri awiri a ku America, a Richard Jessor ndi a Shirley Jessor, adasindikiza zotsatira za kafukufuku amene adachita potsatira ana a sukulu kwa zaka zingapo m'dera la Colorado. Iwo adapeza kuti kuledzera, kusuta chamba, kuyamba msanga zogonana ndi khalidwe lophwanya malamulo zimakonda kupezeka mwa mwana mmodzi yemweyo. Amene wayamba chimodzi sachedwa kuyamba chinzake.

Wina anganene kuti izo ndi za kwa Azungu. Koma mu 2010 padatulukanso zotsatira za kafukufuku wa ana a sukulu a m'mayiko asanu ndi atatu a mu Africa muno, kuphatikizapo anansi athu a ku Zambia ndi Zimbabwe. Nakonso zidaoneka kuti kuyamba zogonana mwana asanakwane zaka 15 kumayendera limodzi ndi kumwa mowa, kusuta fodya ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo.

Nanga kwathu kuno ana otere ndi ochuluka bwanji? Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya boma yowerengera anthu ya ku Zomba idachita mu 2015 ndi 2016 adaonetsa kuti mwa achinyamata a zaka 15 mpaka 24, atsikana 14 mwa 100 aliwonse ndi anyamata 19 mwa 100 aliwonse adayamba zogonana asanakwane zaka 15. Mwa atsikana a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 mwa 100 aliwonse adali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Kumidzi chiwerengerochi chidali 31, pamene m'matauni chidali 21. Choncho vutoli lidakula kwenikweni kumudzi kwathu kuno, kumene ambiri a ife timaganiza kuti ana ndi otetezeka kusiyana ndi m'tauni.

Tidaphunziraponso kanthu mu 2020, pamene sukulu zidatsekedwa kwa miyezi ingapo chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kalembera wa boma wa chaka chimenecho adapeza atsikana achichepere oposa 40,000 amene adatenga pakati, ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Ana atasowa chochita ndi powayang'anira, mavuto adachuluka m'miyezi yowerengeka chabe.

NJIRA YOYAMBA: MOWA UMATSEGULA CHITSEKO

Ubongo wa munthu sukhwima tsiku limene mnyamata wamera ndevu kapena mtsikana watha msinkhu. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, chakumphumi kuno, ndiyo imene imathandiza munthu kudziletsa, kuganizira za mawa ndi kuyeza kuopsa kwa chinthu asanachichite. Mbali imeneyi imakhwima pomalizira penipeni, munthu akamayandikira zaka 25. Koma zilakolako za thupi ndi mtima wofuna kutamandidwa ndi anzake zimadzuka kale pa zaka 12 kapena 13. Wachinyamata ali ngati njinga yatsopano yothamanga bwino koma mabuleki ake sadamangidwe mokwanira.

Mowa ukalowa m'magazi umayamba kufooketsa mbali yomweyo yodziletsa. Manyazi amachoka, mantha amachepa, ndipo mawu oti "toto" amalemera pakamwa. Mtsikana amene masana akadathawa, usiku atamwa amangotsatira. Mnyamata amene adaphunzira bwino za kondomu kusukulu amaiwala, kapena amaivala molakwika. Mowa ukachuluka munthu amachita zinthu zimene m'mawa mwake sazikumbukira n'komwe. Thupi la mwana ndi laling'ono, kotero kabotolo kamene munthu wamkulu angamwe n'kuyendabe bwinobwino kamamugwetsa mwana. Chamba nachonso chimasokoneza kuganiza ndi kukumbukira, ndipo chikaphatikizana ndi mowa munthu amasokonezeka koposa.

Akuluakulu ena oipa mtima amadziwa bwino zimenezi, ndipo mowa ndiwo msampha wawo. Timowa taukali totsika mtengo tidapangitsa msamphawu kukhala wapafupi. Dziko la Zambia lidaletsa mowa wa m'timapaketi, umene kumeneko ankautcha tujilijili, mu 2012, ndipo boma la Malawi lidaletsa masacheti mu 2015 litaona kuti ana a sukulu ankawabisa m'matumba. Komabe mowa waukali udabwereranso m'timabotolo ting'onoting'ono, ndipo kachasu sadachoke m'midzi mwathu.

NJIRA YACHIWIRI: CHILONDA CHA MUMTIMA CHIMAITANA MOWA

Nthawi zina zimayambira mbali inayo. Mwana amayamba wagonedwa, mowa n'kubwera pambuyo. Pano tiyenera kunena zoona ngakhale zili zowawa. Ana ambiri amene timawanena kuti "adayamba msanga" sadayambe mwa kufuna kwawo. Kafukufuku wa nkhanza zochitira ana amene adachitika m'Malawi mu 2013 adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri aliwonse, adachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Kawirikawiri wochita zimenezi amakhala munthu wodziwika kwa mwanayo: chibwenzi, mnansi, mnzake wa kusukulu, ngakhale wachibale.

Mwana wotere amasenza katundu amene sangathe kuuza munthu. Tulo sabwera, m'kalasi nzeru sizikhazikika, amadziona ngati wodetsedwa. Tsiku lina mnzake amupatsa kachasu kapena ndudu ya chamba, ndipo kwa maola angapo maganizo aja amatha. Mawa lake amabweranso, ndipo iye amafunanso mankhwala omwe aja. Umo ndi momwe ana ena amalowera m'uchidakwa. Mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha pakati, anzake akupitirira iye ali pakhomo, nayenso amagwa mosavuta m'dzenje lomweli. Akayamba kumwa amafuna ndalama zogulira, ndipo wopereka ndalamazo amafuna malipiro ake. Mavuto aja ayamba kuzungulira ngati ng'ombe yapachingwe.

N'chifukwa chake kukwapula mwana amene mwamupeza ataledzera, musanamufunse chimene chikumudya mumtima, kungathe kukwirira mlandu waukulu umene wina adamuchitira.

NJIRA YACHITATU: MUZU NDI UMODZI

Palinso ana amene mowa ndi zogonana zonse zimamera pa muzu umodzi, ngati nthambi ziwiri za mtengo umodzi. Mizu yake tikuidziwa tonse.

Woyamba ndi umphawi. Mtsikana wosowa sopo, mafuta odzola, kope kapena nsalu zodzisamalira pa nthawi ya kumwezi amamvera msanga munthu womuonetsa ndalama. M'madoko a kunyanja, kumene amayi ndi atsikana amalimbirana usipa, asodzi ena amafuna kugona nawo kuti awagulitse nsomba, ndipo pamadoko pomwepo mowa ndi chamba sizisowa. Mnyamata wa zaka 14 amene wayamba kukoka khoka, kupalasa kabaza kapena kugwira ganyu m'minda ya fodya amagwira ndalama m'manja nzeru zisanakhwime, ndipo amacheza ndi amuna aakulu amene amamuphunzitsa kuti mwamuna weniweni ndi womwa, wosuta ndi wodziwa akazi.

Wachiwiri ndi kusowa womuyang'anira. Ana amasiye, ana amene makolo awo adapita ku Joni kukafuna ntchito, ndi ana amene amachita lendi okha pafupi ndi sukulu za sekondale zoyendera chifukwa kwawo n'kutali, onsewa amagona ndi kudzuka popanda wowafunsa kumene adali. Ngakhale pakhomo pamene makolo alipo, mnyamata akalowa m'gowelo timaleka kudziwa amene amalowa ndi kutuluka usiku.

Wachitatu ndi malo. Taganizani kumene mwana amakumana ndi mowa koyamba: pamchezo wa ukwati, pa zovina za usiku, pa sadaka, m'nyumba zoonetsera makanema pamsika, pa tsiku la msika dzuwa litalowa. Malo omwewo ndi amene amakumananso ndi omunyengerera. Mwana safunika kuyenda maulendo awiri. Zonse amazipeza pamodzi.

Wachinayi uli m'nyumba mwathu momwe. Pakhomo pamene amatcheza kachasu, mwana ndiye amatumidwa kusonkhezera moto, kuthira m'mabotolo ndi kulandira ndalama kwa oledzera. Bambo amene amatuma mwana kukagula mowa kapena kukayatsa ndudu kukhitchini akumuphunzitsa, ngakhale sakudziwa. Ndipo m'madera ena muli miyambo imene imauza ana ongotuluka kumene ku chinamwali kuti akasase fumbi, kutanthauza kuti akayese kugonana. Chinamwali chili ndi malangizo ambiri abwino a ulemu ndi ukhondo, koma langizo limenelo limapha, ndipo lamulo la dziko la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yovulaza yotere.

ZIMENE ZIMACHITIKA M'THUPI

Kutha msinkhu sikutanthauza kuti thupi lakonzeka kubereka. Mafupa a m'chiuno a mtsikana amapitiriza kukula kwa zaka zingapo atayamba kusamba. Akatenga pakati msanga, mutu wa mwana ungathe kukanika kudutsa. Matenda akatenga masiku awiri kapena atatu, ndipo chipatala chochita opareshoni chili kutali, mwana amafera m'mimba ndipo mayi amabooka njira ya mkodzo kapena ya chimbudzi. Imeneyi ndiyo nthenda ya fisitula, imene imachititsa mayi kungotaya mkodzo usana ndi usiku. Imachizika ndi opareshoni, monga amachitira pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe, koma ambiri amavutika zaka asanafikeko. Amayi achichepere amadwalanso kwambiri nthenda yothamanga magazi ndi kukomoka pa nthawi ya pakati, ndipo ana awo amabadwa masiku asanakwane kapena onyentchera. Mayi akamamwa ali ndi pakati, mowa umadutsa kufika kwa mwana ndipo ungathe kuononga ubongo wake kwa moyo wonse. Ena poopa manyazi amachotsa pakati mobisa ndi zitsamba, timitengo kapena mapiritsi ogula pamsika, ndipo amafika kuchipatala ataya magazi ambiri kapena m'mimba mutaola.

Khomo la chiberekero la mtsikana wamng'ono ndi lanthete, losachedwa kuchekeka, kotero tizirombo timalowa mosavuta. Edzi idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo kafukufuku wa 2020 ndi 2021 adapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kachirombo ka HIV, amayi kuposa abambo. Mtsikana akagona ndi mwamuna womuposa zaka zambiri, amagona ndi munthu amene wayenda kale m'malo ambiri, ndipo alibe mphamvu zomuuza kuti avale kondomu. Chindoko, chinzonono ndi mabomu zimadzera njira yomweyo. Chinzonono chikapanda kuchizidwa bwino chimatseka njira za mazira, ndipo mtsikana amadzalira kusabereka atakwatiwa.

Palinso khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Kachiromboka kamakhala phee zaka 10, 15 kapena 20 kasanasanduke khansa. Mayi wa zaka 35 amene akudwala lero mwina adakatenga ali mtsikana. Kuyamba msanga ndi kukhala ndi zibwenzi zambiri kumachulukitsa ngoziyi.

Kumbali ya mowa, msinkhu woyambira ndi wofunika kwambiri. Kafukufuku wina wamkulu wa ku America wa mu 1997 adapeza kuti mwa anthu amene adayamba kumwa asanakwane zaka 15, pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse adadzasanduka akapolo a mowa, pamene mwa amene adayamba atakwana zaka 20 adali mmodzi yekha mwa khumi. Chamba nachonso chimaononga kwambiri ubongo umene ukukulabe. Sikuti aliyense wosuta amapenga, koma amene wayamba ali wamng'ono, nasuta tsiku ndi tsiku, ali pangozi yaikulu yodwala misala, makamaka ngati kumtundu kwawo nthendayi iliko. Ogwira ntchito pachipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu amalandira anyamata otere kawirikawiri.

Tisaiwale anyamata. Popeza satenga pakati, timawalekerera, mwinanso kuwanyadira kuti akula. Koma ziwerengero taona zija zikuonetsa kuti anyamata oyamba msanga ndi ochuluka kuposa atsikana. Iwonso amatenga matenda, amasiya sukulu kuti asamale banja limene sadalikonzekere, amavulala pa ndewu za kumowa, amagwa pa njinga zamoto ataledzera, ndipo ena amathera kundende. Wachinyamata amene amamwa ma ARV akayamba kuledzera amadumphitsa mankhwala, kachirombo n'kuyambanso kuchulukana.

ZIZINDIKIRO ZOFUNIKA KUZIONA

Mwana sadzabwera yekha kudzakuuzani. Koma kholo latcheru lingathe kuona izi: mwana wayamba kujomba kusukulu kapena kulephera mayeso amene kale ankakhoza, wasiya anzake akale n'kuyamba kuyenda ndi anthu omuposa msinkhu, ali ndi foni, zovala, mafuta kapena ndalama zimene inu simudamupatse, amabwera usiku ndi kulowa m'nyumba mozemba, maso ndi ofiira, m'kamwa mukununkha, kapena amatafuna zinthu zobisa fungo, ndalama, nkhuku kapena chimanga zayamba kusowa pakhomo, wasanduka waukali, kapena wangoti ndwii osafuna kucheza ndi munthu, akudandaula m'mimba kapena kuwawa pokodza koma akukana kupita kuchipatala.

Chizindikiro chimodzi sichitsimikiza kanthu, pakuti ana akamakula amasinthasintha. Koma mukaona ziwiri kapena zitatu, musadikire. Ndipo langizo lalikulu la nkhani ino ndi ili: mukapeza chimodzi, funsani za chinzake. Mwana amene mwamupeza ndi mowa kapena chamba, mufunseni mofatsa za zibwenzi ndi ngati pali wina amene adamugwirapo. Mwana amene mwamva kuti ali ndi chibwenzi, mufunseni ngati amamwa kapena kusuta, ndi amene amamugulira.

ZIMENE MAKOLO ANGACHITE

Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Yambani kucheza ndi mwana za thupi lake ndi za mowa asanathe msinkhu, pa zaka 9 kapena 10. Makolo ena amaopa kuti kulankhula zimenezi ndiko kumuphunzitsa chiwerewere. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri adaonetsa kuti ana ophunzitsidwa zoona sayamba msanga chifukwa cha maphunzirowo, ndipo ambiri amachedwerapo. Ngati mwambo sukulolani kulankhula nokha, tumani azakhali ake, amalume ake kapena agogo ake, monga ankachitira makolo athu m'kuka ndi m'mphala. Chachikulu n'chakuti pakhale munthu wamkulu mmodzi amene mwanayo angamuuze chilichonse osaopa chikoti.

Dziwani kumene mwana ali dzuwa likalowa, ndipo dziwani anzake ndi makolo awo. Malonda a madzulo pafupi ndi malo omwera mowa asapite nawo mwana. Ngati n'kofunika kugulitsa, apite wamkulu. Musatume mwana kukagula mowa kapena fodya. Inu amene mumafulula kapena kutcheza, tikudziwa kuti ndi mmene mumapezera ndalama ya sopo ndi fizi, koma mwana asakhale wogulitsa kapena wolawa, ndipo ogula asamamwere pakhomo pamene pagona ana aakazi. Mwana akabwera ndi katundu wachilendo, funsani kumene wachokera musanadye nawo. Kholo limene lalandira shuga ndi sopo osafunsa lavomereza malondawo.

Limbikirani sukulu. Chaka chilichonse chimene mwana wakhala m'kalasi chimachedwetsa ukwati, pakati ndi mowa. Mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Ndondomeko imeneyi boma lidaikhazikitsa mu 1993. Gulu la amayi la pasukulu yanu lingakuthandizeni kukambirana ndi aphunzitsi aakulu.

THANDIZO LIMENE LILI KUCHIPATALA

Mtsikana wa zaka 9 mpaka 14 alandire katemera wa HPV, amene adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Katemerayu ndi waulere, saletsa kubereka, ndipo amateteza bwino akaperekedwa mwana asanayambe zogonana.

Mwana akagwiriridwa, kapena akagonana mosadziteteza ataledzera, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Alipo mankhwala otchedwa PEP oteteza ku HIV, amene amamwedwa masiku 28, koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiwo masiku atatu. Aliponso mapiritsi oletsa pakati a pangozi, amene amagwira bwino akamwedwa msanga, ndipo pakadutsa masiku asanu sathandizanso. Zokambirana za pabanja ndi za kwa amfumu zisachedwetse mankhwala. Mukatero kaneneni kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Wachinyamata amene wayamba kale zogonana asathamangitsidwe. Ayezedwe magazi, achizidwe matenda opatsirana pogonana pamodzi ndi bwenzi lake, ndipo alangizidwe za makondomu ndi njira zolera. Kuyambira zaka 13 mwana angathe kuyezetsa HIV mwa kufuna kwake. Zipatala zambiri zili ndi tsiku kapena chipinda cha achinyamata, kumene amathandizidwa mwachinsinsi. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Amene wakodwa ndi mowa kapena chamba, kapena wayamba kulankhula zosamveka, kusagona ndi kuona zinthu zimene ena sakuziona, apite naye kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, kumene kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo. Kumumanga ndi zingwe kapena kutaya miyezi mukufufuza amene wamulodza kumangochedwetsa chithandizo.

MUDZI WONSE ULI NDI MBALI

Malamulo alipo. Kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18 ndi mlandu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Munthu wamkulu wogona ndi mwana wapalamula mlandu waukulu, ngakhale mwanayo adavomera kapena adalandira ndalama, ndipo mlandu wotere sutha ndi mbuzi kapena nkhuku pabwalo. Za chamba, ena adamva molakwa lamulo la 2020. Lamulolo lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta ndi kugulitsa chamba m'mudzi kudakali mlandu.

Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziwa njira ya kumsika kwanu. Amene amaona mwana akulowa m'shabini ndi inu. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza idatchuka dziko lonse lapansi chifukwa idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu, pogwirizana ndi nyakwawa, makolo ndi magulu a amayi. Midzi ina idapangana malamulo akeake: nthawi yotsekera malo a mowa ndi a makanema, kuletsa ana pa michezo ya usiku, ndi kuchititsa chinamwali pa tchuthi, anamkungwi ndi angaliba atagwirizana kuchotsa malangizo oipa. Nkhani zotere zikambidwe pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kutchalitchi ndi kumzikiti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Agogo aja adatuluka m'chipinda cha namwino atagwira mdzukulu wawo padzanja. Adalangizidwa kuti mtsikanayo asalawenso mowa, azibwera kusikelo mwezi ndi mwezi, akadikirire kuchipatala chachikulu masiku akayandikira, ndipo akadzayamwitsa abwerere kusukulu. Nkhani ya bambo uja adakaitula kupolisi. Ali pakhomo, agogowo adatembenuka nati, "Anamwino, kunyumba kuli mng'ono wake wa zaka 11. Ndiye amene watenga beseni la zitumbuwa lija."

"Mubwere naye Lachinayi, agogo, adzalandire katemera ndipo tidzacheze naye. Koma beseni lija alisiye lero lomwe."

Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Inu amene mukuwerenga nkhaniyi pabenchi podikira sikelo kapena mankhwala, taganizirani ana a pakhomo panu mmodzimmodzi. Kodi dzulo dzuwa litalowa adali kuti, ndipo adali ndi yani? Ngati simukudziwa, kafunseni madzulo ano, mofatsa, ndipo mukamve yankho lonse musanakalipe.